Mkazi Wakutsidya

Kodi mungalote kuti mzere umene akuluakulu a mayiko awiri analemba pa pepala, atatopa n'kuwomberana, unadutsa pati utafika pabwalo la banja la Asajeni? Lotani ndithu, koma yankho lanulo mulisunge m'thumba, pakuti m'mawa umene mkanganowu unabuka panalibe ndi mmodzi yemwe pabwalopo amene akanalota molondola.

"Anayi, asanu, asanu ndi limodzi!" Asajeni ankawerenga mapazi mokweza ngati ali pa perete, akudutsa m'chipinda chosokera cha mlamu wawo. "Eya! Muno mulowa makama atatu."

Atelala anaimitsa makina, phazi likadali pa chopondera. Anali mkazi wa malemu mng'ono wawo wa Asajeni, ndipo panali patangotha miyezi isanu chiikire mwamuna wawo m'manda.

"Alamu, makama atatu a ndani m'nyumba mwanga?"

"A apaulendo! Nkhondo yatha, msewu ukutsegulidwa, madalaivala azifuna pogona. Nyumba ya m'bale wanga ili m'mphepete mwa msewu penipeni. Ndiisiye izingodya ulusi?"

"Nanga ine ndi makina angawa?"

"Inu simunamve wailesi?" Asajeni anatembenuza mutu kuti aloze khutu lawo lamoyo, poti linalo linafa ndi mzinga. "Yanena poyera: alendo abwerere. Abwerere! Lanena ndi boma, si ine. Opima malire akangomaliza ntchito yawo, aliyense wakutsidya awoloke mtsinje. Mlendo ndi mame, alamu, dzuwa likatuluka amakamuka."

"Mame a zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi? Mame amene anakuberekerani ana awiri pabanja pano?"

"Atsikana okhaokha. Akwatiwa, apita."

Atelala anaimirira, sizasi ili m'manja. Sankafuna kulasa nayo munthu, koma Asajeni anabwerera m'mbuyo phazi limodzi ndithu.

"Tsiku limene munabwera kunkhondo buluku litang'ambika malo osatchulika, analisoka ndani? Pamenepo sindinali wakutsidya? Amayi anu atadwala chaka chathunthu, ankawatembenuza ndani pamphasa? Mayi anga ondibereka anamwalira kuseri kwa mtsinjewo, mtunda woti tambala akalira kumeneko kuno timamva, ine osapita kukawaika chifukwa cha mfuti zanu. Lero mukuti ndibwerere. Ndibwerere kwa yani?"

"Zimenezo mukafunse boma."

"Ndipo mudziwe, alamu: kwathu kuja, tikamati akutsidya tinkanena inuyo."

"Mwamva?" Asajeni anafuula cha kubwalo. "Mwamva mwano wa adani?"

Amene anamva anali akazi awo, omwe ankachokera kukhola la nkhuku ndi mazira m'mbale. Anaima pakhomo, pa mwala wa simenti umene unali chopondera polowa m'chipinda chosokeracho.

"Bambo, wailesiyo tinamvera limodzi. Ine mawu oti alendo sindinawamve."

"Iwe unali kukazinga, mafuta akulira. Ukanamva chiyani?"

"Inu khutu limodzi, ine awiri."

"Khutu limodzi la msilikali limaposa khumi a anthu wamba! Ife tinaima pa mtsinje uja ndi magazi athu. Malire ndi mtsinje. Kuno kwathu, uko kwawo, basi!"

Anatuluka akuguba. Akazi awo anasankha mazira awiri aakulu n'kuwaika pa tebulo lodulira nsalu.

"Musalire, amng'ono anga. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Munthu ameneyu nkhondo inatha panja, koma m'mutu mwake ikadali m'kati. Mukudziwa kuti mpaka lero amakana kugona kukhoma? Amagona mbali ya kumtsinje, ati adani akabwera ayambe akumana ndi iyeyo. Adani ake ndi udzudzu basi."

Atelala anaseka pang'ono. Nanga bwanji ngati wailesi inanenadi?

Sabata yotsatira opima malire anafika, ndipo dera lonse linatekeseka. Magalimoto awiri, imodzi ya dziko lino, ina ya kutsidya, ataimika moyandikana ngati ng'ombe za pagoli limodzi! Anthu amene dzana ankalozana ndi mfuti, lero akumwera botolo limodzi la madzi! Amayi anasiya mitondo, ogulitsa anasiya mabenchi, onse kukaonerera makina amiyendo itatu amene munthu amasuzumiramo ndi diso limodzi. Otsogolera opima malirewo anali awiri: mayi wamfupi wonyamula mapu, wa dziko lino, ndi bambo wandevu wa kutsidya. Anthu sanachedwe kuwapatsa mayina: Amapu ndi Andevu.

Chodabwitsa n'chakuti kumtsinje sanapiteko. Ankangozungulira m'tchire ndi m'minda, kukumba apa, kukanda apo, n'kumapukusa mitu. Asajeni, atavala jekete lawo lausilikali, ankafotokozera aliyense kuti akatswiriwo akuyamba ayeza kulimba kwa nthaka. Madzulo ankabwera ndi choko n'kumalemba manambala pa zitseko za Atelala: chipinda choyamba, chipinda chachiwiri. Atelala ankafufuta ndi chiguduli chonyowa, m'mawa mwake manambala n'kubwereranso.

Lachinayi masana Amapu analowa m'chipinda chosokera, thukuta lili kamukamu.

"Odi, mayi! Akuti kuno kuli dokotala wa zikwama. Lamba wadukayu, mapu anga angagwere m'matope."

"Lowani, khalani apa," anatero Atelala motsitsa mawu. Ankaopa kulankhula zambiri, kuti lilime lingawagulitse. Funso la wailesi linali pakamwa penipeni, koma analimeza. Wofunsa njira ndiye amadziwika kuti ndi mlendo.

Amapu anakhuthula chikwama pa tebulo kuti chisokedwe bwino. Pakati pa mapepalawo panagwa chithunzi cha mwala wa simenti wa makona anayi, wokhala ndi kachitsulo ka mkuwa pamutu, kotuluka ngati mchombo.

"Chimenechi ndicho chatiumitsa kukhosi," anatero Amapu ataona kuti Atelala akuchiyang'ana. "Zipilala za malire. Anazika anthu akunja kalekale, agogo athu asanafunsidwe n'komwe. Nkhondo yonse ija, mapeto ake akuluakulu agwirizana kuti tibwerere pa zipilala zomwezo. Nambala 30 taipeza, nambala 32 taipeza. Koma 31 yalowa pansi ngati mfuko."

"Nanga ikapanda kupezeka?"

"Ndiye kuti chigawo chino chikhala chokanganirana. Msewu sutsegulidwa, asilikali abwereranso kudzalondera. Tatsala ndi masiku asanu ndi atatu."

Singano inalasa chala cha Atelala. Anayamwa magaziwo mwakachetechete. Anamaliza kusoka, Amapu anathokoza, natuluka. Potuluka anaponda pa mwala wa pakhomo uja, nsapato yawo n'kusiyapo dothi lofiira.

Atelala anadikira kuti mlendoyo afike kumsewu. Kenaka anagwada, nasuzumira m'mbali mwa mwalawo. Unagonekedwa chammbali, mutu wake utaloza ku maluwa a m'mbali mwa khomo. Anapatula maluwawo. Kamchombo ka mkuwa kanali pomwepo, kobiriwira ndi ukalamba, ndipo pansi pake panali manambala awiri amene ana awo anaphunzirirapo kuwerenga ali aang'ono: 3 ndi 1.

"Mayo ine!" Anakhala pansi. Zaka zonsezi akhala akupukutira mapazi pa malire a mayiko awiri!

Anathamangira kukhola la nkhuku.

"Akulu anga, mwala wa pakhomo panga uja unachokera kuti?"

"Uja? Si uja anabwera nawo bambo pa wilibala nkhondo itangoyamba? Anapatsa mng'ono wawo kuti mvula isamalowe m'nyumba. Inu munali kuchipatala, mukuchira mwana wachiwiri. Bwanji?"

Atelala anawanong'oneza zonse. Akazi a Sajeni anagwira pakamwa, chimanga cha nkhuku n'kutayika.

"Kauzeni anthuwo msanga!"

"Ndikawauza, mzerewo ukadutsa kumtunda kwa nyumba yanga? Ndiye kuti ndadzikumbira ndekha dzenje. Alamu adzati, mwaona, ngakhale nyumba yake ndi yakutsidya, agwetse tigawane malata. Kapena boma lidzandinyamula pa lole."

"Nanga mukakhala chete?"

"Asilikali abwerera. Manda a mayi anga sindidzawaonanso."

Anayang'anizana. Nkhuku zinapitiriza kujompha chimanga chotayikacho, zopanda nazo ntchito za mayiko.

Masiku asanu ndi awiri Atelala anasoka mopotoka. Diresi la mkwatibwi analiika manja awiri a kumanzere, n'kulisomola, n'kulisokanso. Akamalowa m'chipinda ankaudumpha mwala uja, osauponda.

Tsiku lomaliza la opima malire, Asajeni anadzuka ndi nyimbo pakamwa. Dzuwa lisanafike pamutu anatulukira ndi amuna awiri onyamula katundu pamsika.

"Lero ndi lero! Akatswiri akupakira, ndiye kuti ntchito yatha. Anyamata, yambani ndi makinawo. Mosamala, ine si munthu wankhanza."

"Alamu, siyani makina anga!"

"Ndakupezerani ngolo yokafika pamtsinje. Ena akanakuyendetsani pansi."

"Bambo, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anachenjeza akazi awo.

"Iwe khala chete!"

Makina anatulutsidwa n'kuikidwa pabwalo, ulusi wofiira ukukwekwereka pambuyo kuchokera m'nyumba. Anthu oyandikana nawo anayamba kusonkhana kumpanda. Ena ankang'ung'udza, koma panalibe wotsegula pakamwa, poti nkhani ya wakutsidya inali yoopsa kuilowerera. Atelala anayang'ana makina awo ali padzuwa, makina amene anaphunzitsa ana awiri sukulu. Kumsewu magalimoto awiri aja anali atayamba kulira.

China chake chinaduka m'mtima mwawo. Anakwinya chitenje, nathamanga. Mayi wa zaka makumi asanu, liwiro la mtsikana, akukupiza manja pakati pa msewu!

"Imani! Amapu, imani! Mwala wanu uli kwanga! Kaya undiponya kutsidya, kaya undisiya kuno, koma lero ndidziwe!"

Magalimoto anaima ndi fumbi. Posakhalitsa bwalo lonse linadzaza. Andevu anagwada pakhomo, napala kamchombo kaja ndi mpeni, nawerenga nambala. Anadzuka n'kukumbatira Amapu, chipewa chawo n'kugwa.

"Ndi yomweyo! Makumi atatu ndi chimodzi! Mayi, mwapulumutsa msewu!"

Anthu anaomba m'manja, amayi n'kululutira. Koma Amapu anakweza dzanja.

"Tisasangalale msanga. Uwu ndi mutu chabe. Chipilala chilichonse chili ndi tsinde lake lokwiriridwa pansi, ndipo tsindelo ndilo malire. Mapu akalewa amaphonya ndi mapazi mazana awiri. Anauzula mwalawu ndani, ndipo anauzula pati?"

Asajeni anayamba kuyang'ana mitambo, dzanja likusisita khutu lakufa lija. Anali atanunkhiza mlandu.

Atelala anawayang'ana alamu awo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zinawaphunzitsa pamene munthuyu amayabwa.

"Amene anauzula sadziwika," anatero mokweza, akuloza mawu ku khutu lamoyo. "Koma malemu amuna anga ankati anali Kopolo uja wa kuseri kwa phiri. Ankati pagulu lonse lija mwamuna wamphamvu anali yekhayo. Enawo ankangonyamula mapoto."

"Bodza!" Asajeni anaphulika ngati bomba. "Kopolo? Kopolo amene ankalira akamva bingu? Ndinauzula ndine! Ndekha, ndi chitsulo chimodzi, zipolopolo zikudutsa apa ndi apa! Ndinati kuyambira lero malire ndi mtsinje, mwala uwu ukakhale chopondera cha mng'ono wanga!"

"Zoona, bambo?" anafunsa Andevu mwaulemu. "Ndiye tsinde lake munalisiya?"

"Likanazuka? Chisimenti chake chachikulu ngati ng'oma! Nditabwerera kumudzi, nkhondo ikadali m'kati, ndinati simenti yabwino chonchi isawonongeke. Ndinamangapo nyumba yanga, maziko aulere!"

Mawuwo atangotuluka, Asajeni anatseka pakamwa ndi dzanja. Koma mawu ndi muvi. Khamu lonse linatembenuka kuyang'ana kumunsi kwa bwalo, kumene kunali nyumba yawo ya zitseko zobiriwira, pakati pa nyumba ya Atelala ndi mtsinje.

"Tiyeni!" anafuula wina, ndipo anthu anakhamukira kumeneko ngati madzi osefukira.

"Dikirani!" Asajeni anathamanga n'kutsekereza pakhomo. "Musanalowe, muuzeni mayiyu lamulo. Wailesi inati alendo abwerere. Inatero kapena sinatero?"

Amapu anatulutsa pepala m'chikwama chosokedwa bwino chija.

"Pangano lake ndi ili, bambo. Mawu oti abwerere alimo kamodzi kokha. Akuti, malire abwerere pa zipilala zakale. Malire, osati alendo."

"Ndinanena ine!" anakuwa akazi a Sajeni. "Khutu limenelo limamva zimene mimba ikufuna!"

"Ndipo ndime yachisanu ndi chinayi ikuti," anapitiriza Amapu, "munthu aliyense akhala pamene mzere wamupeza. Nyumba yake ndi yake, munda wake ndi wake, kaya anabadwira mbali iti. Wothamangitsa mnzake chifukwa cha malire adzayankha mlandu ku mayiko onse awiri."

"Onse awiri," anabwereza Andevu, akumwetulira m'ndevu zawo. "Kwathu ndende ziliko zabwino ndithu."

Amuna awiri a pamsika aja sanadikire kuuzidwa. Ananyamula makina mwachangu n'kuwabwezera m'chipinda chosokera, wina akukulunga ulusi wofiira uja mwaulemu ngati ndi wa mfumu ya dziko. Atelala anangoima, manja ali pachifuwa, misozi ikutsika koma pakamwa pakuseka. Amayi amene anali chete kumpanda aja tsopano ndiwo anali patsogolo kuwagwira dzanja.

Asajeni anapatuka pakhomo pang'onopang'ono. Opima malire analowa, nagogoda pansi ndi chitsulo. Pabalaza, dothi. M'khonde la m'kati, dothi. Kuchipinda chogona anasuntha kama, nagogoda: ngwe! Anapala pang'ono, ndipo tsinde lija linaonekera, bowo la chipilala lili pakati.

Ntchito inatenga maola awiri. Makina amiyendo itatu anaimikidwa, wina anakwera pachulu cha ku 30, wina pa mtengo wa ku 32, akukuwirana manambala. Anthu anakwera m'mawindo. Nkhani inafika ndi kutsidya komwe, moti anthu a kumeneko anawoloka mtsinje mabuluku atapinda, kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhondo, ndipo panalibe amene anawaletsa. Mayi wina wokalamba wa kumeneko anawayang'anitsitsa Atelala, n'kuwaitana ndi dzina la paubwana limene pabwalopo panalibe amene analimvapo.

"Manda a mayi ako timalimira chaka chilichonse," anatero. "Ubwere mawa."

Pomaliza Andevu anakoka chingwe choviikidwa mu penti wofiira. Chinalowera pawindo la kummawa, n'kutulukira pawindo la kumadzulo. Amapu anasuzumira m'makina komaliza.

"Nyumba ya Atelala, yonse ili dziko lino," analengeza. "Khola la nkhuku, kutsidya."

"Nkhuku zanga zapita kunja zisanakwere ndege!" anatero akazi a Sajeni, anthu n'kufa nacho chiseko.

"Bwezerani kama pamalo pake, tione," anatero Amapu.

Kama anabwezedwa pa zizindikiro za miyendo yake zimene zinadindika pansi kwa zaka makumi awiri. Andevu anakweza chingwe, nachisiya kuti chimenye. Thapu! Mzere wofiira unagona pa bulangete. Anthu a pawindo anayamba kukuwa, a kumbuyo akufunsa kuti, "Wadutsa pati? Wadutsa pati?"

Asajeni anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Jekete lausilikali lija linaoneka ngati lawakulira. Anatembenukira kwa Atelala, mawu atachepa ngati a mwana.

"Alamu, ndime yachisanu ndi chinayi ija... imakhudza aliyense?"

"Aliyense, alamu," anayankha Atelala, akupukuta misozi. "Ngakhale mame. Khalani, palibe akuthamangitseni. Koma choko chija mukafufute nokha pa zitseko zanga."

"Ndipo usiku mukafuna kundifunsa madzi akumwa," anawonjezera akazi awo, "muziyamba mwaonetsa chiphaso."

Mzere uja unadutsa pakati penipeni pa kama wa Asajeni, kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Mbali ya kukhoma, kumene ankagona akazi awo, inali dziko lino. Mbali ya kumtsinje inali dziko linalo. Kwa zaka makumi awiri, Asajeni ankagona kutsidya.